AnyaManda Ankawerenga Mpaka Teni

Kumpoto kwa Usisya kuli midzi imene munthu samwalira chifukwa choti wasiya kupuma. Amamwalira wina akanena kuti wamwalira. Dokotala kulibe, chipatala chaching'ono chili ola ndi theka pa boti ngati nyanja yalola, ndipo palibe banja lingaotche mafuta kunyamula mtembo kuti akauzidwe zimene aliyense akuona kale. Ndiye pamudzi pamafunika munthu wonena. Pa umodzi mwa midzi imeneyi, kwa zaka zoposa makumi atatu, munthu wonenayo anali a Nellie Manda, amene aliyense ankawatchula kuti anyaManda.

Sanali mayi woopsa ayi. Anali afupiafupi, ojintcha, a mawu aakulu ngati a mwamuna, ndipo akamaseka ankagwira aliyense amene ali pafupi. Anabadwa chaka chimene bambo awo anapita ku Joni osabwerako, analeredwa ndi azakhali awo, sukulu analekezera sitandade faifi. Anakwatiwa ndi a Simeon, msodzi wa usipa wosalankhulalankhula, n'kubereka ana sikisi, awiri n'kuwasambitsa okha ndi manja awo kupita nawo kumanda. Ankalima chinangwa ngati wina aliyense, ndipo tsiku la Umanyano, msonkhano wa amayi a kutchalitchi, ankavala bulauzi yoyera imene ankaisita ndi makala dzulo lake.

Ntchito yonenayi anailandira kwa azakhali aja, ndipo inali ndi lamulo limodzi lokha. Wodwala akachita zii, umaika chikhatho pachifuwa chake chakumanzere n'kuwerenga chamumtima kuyambira wani mpaka teni. Ukamva kugunda, umauza anthu kuti abweretse madzi. Ukafika teni osamva kanthu, umamutseka maso, umamanga chibwano ndi mpango, kenako umagwedeza mutu kwa amayi amene akudikira pakhomo. Mutuwo usanagwedezeke palibe amalira, ngakhale mayi wobereka. Ukagwedezeka, kulira kumabuka n'kuyenda m'mbali mwa nyanja mofulumira kuposa boti la injini, amuna amatenga makasu, ndipo kuchokera pamenepo palibe amaikanso dzanja pachifuwa paja. Dera ili ndi lotentha. Maliro a m'mawa, dzuwa likamapendeka ayikidwa.

Lamuloli anyaManda anaphunzitsa munthu mmodzi yekha, mnzawo wa paubwana dzina lake Kettie Mhone. A Kettie anali aatali, owonda, amantha ndi chilichonse kupatula mitembo. Awiriwa anatha msinkhu chaka chimodzi, anakwatiwa mudzi umodzi, minda yawo inagundana malire, ndipo akakhala okha ankaitanana iwe ngati atsikana. Pa maliro anyaManda ankanena, a Kettie ankagwira beseni.

Matenda anabwera mwaulemu, osagogoda. Poyamba anali mapazi, amene anayamba kukana nsapato za ku Umanyano. Kenako njira yokwera kuchokera kunyanja, imene ankaidutsa akuimba ndi ndowa pamutu, inayamba kufuna kupumira katatu. Akagona chagada ankabanika ngati wina wawakhalira pachifuwa, ndiye anayamba kugona chotsamira thumba la makaka. Nthawi zina m'maso munkada mwadzidzidzi, dziko n'kupendekeka, iwo n'kugwira mtengo mpaka liwongoke. Zonsezi ankati ndi ukalamba, ndipo anthu ankavomera, poti ndani angatsutse anyaManda pa nkhani ya thupi la munthu? Dzanja lija linagwira zifuwa za mudzi wonse, koma silinakhalepo pachifuwa cha mwini wake.

Tsiku lina m'mawa mwezi wa Ogasiti, amayi asanu anali pa maenje amene amaviikamo chinangwa pafupi ndi kamtsinje. AnyaManda anawerama kuti avuule, n'kunena kuti, "Kettie, tagwira," ndipo beseni lisanafike m'manja mwa mnzawo iwo anali pansi, nkhope yatuwa, pakamwa pali yasa.

A Kettie anachita zimene anaphunzitsidwa. Anagwada m'matope, anaika chikhatho pachifuwa chakumanzere, anawerenga. Sanathamange ayi, pa ichi palibe angawanenere zabodza. Anawerenga mofatsa monga mphunzitsi wawo ankafunira, ndipo pa teni pansi pa dzanja lawo panali zii. Anawatseka maso. Anavula mpango wawo wakumutu n'kumanga chibwano, mfundo pamwamba pa mutu. Kenako anagwedeza mutu, ndipo poti wogonayo anali mnzawo, kulira anayambitsa okha.

Chimene anyaManda anayamba kumva chinali dzina lawo. Linkabwera kuchokera kutali, likukokedwa motalika momwe amakokera dzina la munthu amene sadzayankhanso. Anamva kuti akugwedezeka, wina wagwira miyendo, ena mapewa. Kumaso kunali nsalu yonunkha utsi. Anafuna kufunsa kuti wamwalira ndani osandiitana ine, koma pakamwa panakana kutseguka, ndipo atamva mfundo ija pamwamba pa mutu anaidziwa, poti inali mfundo yawo, yomwe anaphunzitsa okha. Pamenepo mantha anawagwira amene sanawamvepo chibadwire. Ankadziwa chilichonse chotsatira, mwandondomeko yake: mkeka, madzi ofunda, bulauzi yoyera, matabwa a kwa a Jobe, mlongo wake wa Kettie amene amakhoma mabokosi. Ankadziwanso kuti pa zonsezi palibe pamene munthu amaikanso dzanja pachifuwa. Anayesa kukuwa, mawu anathera m'mphuno, ndipo m'kulira kwa amayi anayi mawu a m'mphuno samveka. Anayesa mwendo, unakana. Anayesa dzanja, zala zinayenda pang'ono, ndipo atasonkhanitsa mphamvu zonse anatsina ntchafu ya amene anali pafupi.

Anawagwetsa pansi. Amayi atatu anabalalika m'munda mwa chinangwa, wina mpaka anataya chitenje. A Kettie okha anatsala, ataima ngati chitsa, kenako anagwada n'kuyamba kumasula mfundo ndi zala zawo zazitali.

"Ndinawerenga, Nellie," anatero. "Ndinafika teni."

AnyaManda ankangopuma, ndipo pa nthawiyo ntchito imeneyo inali yokwanira.

Koma kulira kukatuluka sikubwezeka. Foni inali italira kale ku Mzuzu kwa mwana wawo wamkazi Priscilla, amene ali ndi kagolosale kumeneko, ndipo netiweki ya kuno imadziwa kupereka uthenga woipa n'kuthawa wabwino usanafike. Priscilla anatsika msewu wa m'mapiri tsiku lomwelo pa lole ya nsomba, kenako anakwera boti, maso atatupa, atanyamula shuga ndi masamba a tiyi wa pa maliro. Anapeza mayi ake atakhala pakhonde, mapazi ali m'beseni. Shuga uja anamwa okha mwini maliro kwa mwezi wathunthu.

Nkhaniyi inali m'kamwam'kamwa gombe lonse, ndipo ambiri ankaseka. Ena sankaseka, ankapatuka akakumana nawo panjira, poti munthu amene analiridwa kale sadziwika bwino kuti ali mbali iti. AnyaManda izi sanazisamale. Chimene chinkawadya chinali china. Chizungulire chilichonse chikayamba ankakuwa kuti, "Ndili moyo, musandigwire," asanagwe n'komwe. Analeka kupita kumunda okha. Analeka kutseka chitseko. Kukadwala munthu pamudzi n'kuwaitana, ankati miyendo yatupa, zomwe zinali zoona koma sichinali chifukwa chake.

Chifukwa chake chinali chakuti anayamba kukumbukira. Zaka makumi atatu za kuwerenga teni zinabwerera imodziimodzi, nkhope ndi nkhope. Ambiri sanawavutitse: okalamba amene anazima pang'onopang'ono, odwala amene anatha thupi kwa miyezi. Koma panali ena amene anangogwa. Ndipo pakati pa ongogwawo panali a Simeon, amuna awo, amene zaka khumi ndi ziwiri zapitazo anagwa chafufumimba pamchenga akusoka ukonde, m'mawa, atangomwa tiyi. Anthu anathamangira anyaManda, poti akanathamangira ndani? Iwo anaika dzanja pachifuwa cha amuna awo, anawerenga teni, anagwedeza mutu. Unali mwezi wa Novembala, kotentha kosati masewera, ndipo pofika 3 koloko masana dothi linali litabwezeredwa. Anthu anayamika kulimba mtima kwawo tsiku lija. Tsopano akakumbukira, ankakankhira mbale ya chakudya kumbali.

A Kettie nawo analeka kubwera. Akaona anyaManda pakhonde ankazungulira kuseri kwa khola la mbuzi, manyazi atawapinda msana. AnyaManda sanawaitane. Sikuti anakwiya, koma akaona zala zazitali zija ankamva mfundo pamwamba pa mutu.

Priscilla sanafunse maganizo a munthu. Anawakweza boti, kenako minibasi, mpaka ku chipatala chachikulu ku Mzuzu. Kumeneko anawamata timawaya pachifuwa, anawajambula mtima ndi makina opaka mafuta ozizira, n'kuwagoneka masiku angapo. Mapiritsi okodzetsa anaphwetsa miyendo mpaka akakolo anaonekanso. Tsiku lachinayi kunabwera dokotala wamkazi wa ku Dedza, a Eunice Kachiwanda, wamng'ono msinkhu kuposa Priscilla, amene anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bedi m'malo moimirira kumiyendo.

"Mayi, mtima wanu uli ndi mavuto awiri," anatero. "Loyamba, watopa, sukupopa magazi mokwanira. N'chifukwa chake madzi amadzaza m'miyendo ndi m'mapapo. Mankhwala akuthandiza pamenepo, ndipo muzimwa moyo wanu wonse. Lachiwiri mankhwala sangalithe. Mumtima muli njira imene uthenga umadutsa wouza mtima kuti gunda. Yanu yaduka. Mtima wa munthu wopuma umagunda kasikisite kapena kupitirira pa mphindi imodzi, wanu ukugunda kasate-thu, ndipo nthawi zina umaima kaye."

"Umaima mpaka kuwerenga zingati?" anafunsa anyaManda.

Adokotala anadabwa ndi funsolo koma sanaseke. Anati sakudziwa, zimasiyanasiyana. Kenako anatulutsa m'thumba kachitsulo kosalala, kochepa kuposa bokosi la machesi, kamene amaonetsa odwala. Anati dzina lake ndi pesimeka, kali ndi batire m'kati, amakaika pansi pa khungu mmunsi mwa phewa, ndipo timawaya take timadutsa mumtsempha kukafika mumtima. Mtima ukachedwa, iko kamaukumbutsa. Anati tilipo ta mitundumitundu: ka waya mmodzi, ka awiri, ka atatu kothandiza kuti mbali ziwiri za mtima wotopa zizipopa pamodzi, ndi kena kamene kamachita kumenya mtima ndi magetsi ukasokonekera. Koyenera iwo akasankha ndi madokotala a mtima ochokera kunja amene amabwera ku chipatala china ku Blantyre, ndipo akubwera pakatha masabata atatu. Dzina la anyaManda likhoza kulowa pa mndandanda lero lomwe.

Priscilla anati, "Lembani, adokotala."

AnyaManda anati, "Musalembe."

"Ama, mwati bwanji?"

Iwo sanayang'ane mwana wawo. Anayang'ana kachitsulo kaja. "Batire yake imatha liti?"

"Zaka seveni, eyiti, nthawi zina teni. Ikayandikira kutha timasintha."

"Nanga ine ndikafa chaka cha mawa, iyo isanathe? Kazingogundabe. Adzaika dzanja, adzamva, adzati abweretse madzi. Ndidzagona pamkeka ndikununkha, osaikidwa, osaliridwa, mtima ukugwira ntchito m'nyumba mopanda munthu. Dzana anafuna kundiika ndili moyo, tsopano mukufuna andisunge nditafa. Ayi, mwana wanga. Zonsezi n'zoopsa, koma ine ndikudziwako imodzi."

Priscilla anayamba kunena za manyazi ndi za anthu ambiri amene akulirira mwayi umenewu, koma adokotala anamugwira mkono.

"Mayi, kachitsuloka sikapopa magazi. Kamangogogoda pachitseko. Mwini nyumba akakhala kuti alimo koma wagona, amadzuka n'kutsegula. Akakhala kuti wachoka, kagogoda mpaka katope, palibe adzatsegule. Tsiku lanu likadzafika mtima sudzayankha, ndipo woika dzanja sadzamva kanthu. Sikaletsa munthu kufa. Kamangoletsa mtima kugona pa ntchito."

AnyaManda anauza Priscilla kuti akagule nthochi panja, ndipo iye atatuluka anafotokoza zonse ndi mawu otsika: za lamulo la teni, za ku maenje a chinangwa, za a Simeon pamchenga. Aka kanali koyamba kutchula nkhaniyi kwa munthu.

"Ndiuzeni zoona, adokotala. Ndinaika mwamuna wanga ali moyo?"

Adokotala akanatha kunama, ndipo ambiri akanatero mwachifundo. Iwo anati, "Sindinalipo, mayi, sindingalumbire. Koma mtima ukaima mphindi zingapo osabwerera, munthu wapita. Wanu unabwerera msanga, n'chifukwa chake muli pano. Ngati bambo anagona maola angapo, thupi n'kuzizira, n'kuuma, ndiye anali atapita. Powaveka, mikono inali youma?"

AnyaManda anayesa kukumbukira. Anakumbukira jekete lakuda la kutchalitchi, anakumbukira kuti batani lina linali losiyana ndi anzake, anakumbukira ngakhale fungo la sopo. Koma mkono uja, akauganiza kamodzi unali wouma ngati nkhafi, akauganizanso unkapindika mosavuta kulowa m'jekete. Mpaka lero sakudziwa, ndipo wina amene anagwira mkono winawo tsiku lija anali a Kettie.

Sanavomere tsiku limenelo. Anavomera mawa lake, ndipo sanakopedwe ndi munthu. Ankachokera kubafa pamene m'maso munada, ndipo sanathe n'komwe kukuwa mawu awo aja. Atatsitsimuka anali pabedi, manesi awiri atawazungulira, mkono ukuwawa, pachifuwa pakupweteka pamene anawapsinja. Palibe ankalira. Palibe anawamanga chibwano. Adokotala anabwera ndi pepala lalitali lochokera m'makina, n'kuwaonetsa pamene timapiri ta mtima tinalekeza, mzere n'kungoyenda chogona.

"Munafunsa dzulo," anatero. "Apa unaima masekondi fotini."

AnyaManda anawerenga ndi zala pansi pa bulangete. Teni, kenako zinayi zapamwamba. Moyo wawo wonse unali m'zala zinayi zimenezo, ndipo azakhali awo sanazidziwe, iwonso sanazidziwe.

"Lembani," anatero.

Ulendo wa ku Blantyre unali wa tsiku lathunthu pa basi, ndipo njira yonse anagwira mkono wa Priscilla, atamuuza kuti akagwa asalole munthu kuwafunditsa nsalu. Madokotala a kumeneko atawayeza anasankha ka mawaya atatu. Anawauza kuti sawagoneka tulo, angobaya jekeseni wochititsa dzanzi paphewa, ndipo iwo anasangalala, poti tulo ndi limene ankaliopa. Koma atagona pa tebulo lija, nesi anatenga nsalu yobiriwira n'kuitchinga kumaso kwawo kuti asaone mpeni. Nsalu kumaso, manja ogwiridwa, anthu olankhula za iwo ngati palibe. Mtima wotopa uja unapeza mphamvu zothamangira.

"Ndili moyo," anatero pansi pa nsaluyo.

"Tikudziwa, agogo," anayankha nesi.

"Simungadziwe. Ndizilankhula kuti muzimva."

Ndiye analankhula. Kwa maola awiri anatchula magombe onse kuchokera kwawo kutsika mpaka ku Nkhata Bay, anatchula ana awo amoyo ndi akufa, anafotokoza kaviikidwe ka chinangwa kuti kondowole asawawe. Dokotala wachizungu anafunsa kuti mayiwa akupemphera kodi, nesi n'kuyankha kuti ayi, akuphunzitsa kuphika. Atachotsa nsalu ija, anyaManda anali atanyowa thukuta mpaka kumapazi, ndipo mmunsi mwa phewa lakumanzere munali kachotupa kobisika ndi bandeji.

Anabwerera kumudzi ndi malamulo ambiri kuposa a ku Umanyano. Masabata sikisi osakweza mkono wakumanzere kupitirira phewa, osasinja, osasenza. Foni, imene moyo wawo wonse inkakhala m'kamisolo, inasamukira m'chikwama. Osayandikira owotcherera zitsulo, osaweramira injini ya boti ikulira, kakhadi kosonyeza kuti ali ndi kachipangizo kaziyenda nawo kulikonse, ndipo pa nthawi yake azikaonetsa batire kuchipatala. Anthu a pamudzi anangoti anyaManda akuyendera batire, ndipo wina anafunsa ngati amawatchaja pa sola. Njira yochokera kunyanja anayamba kuikwera akupumira kamodzi kokha. Chizungulire sichinabwerenso. Mantha okha ndi amene sanamve kuti mwini wake wachira. M'mawa uliwonse asanadzuke ankaika zala pamkono n'kumvetsera, ndipo kugunda kuja kunali komweko, kosafulumira, kosachedwa, kamodzi pa sekondi monga adokotala ananenera.

Patatha miyezi isanu a Kettie anagwa mbali imodzi. Mkono ndi mwendo zinafa, pakamwa panapotoka, ndipo kuchipatala anawabweza kuti akasamalidwe kunyumba. AnyaManda anazengereza masiku awiri. Lachitatu anavala mpango n'kudutsa kuseri kwa khola la mbuzi kuja, njira imene mnzawo ankawathawira.

Anakhala pamkeka osadziwa poyambira. Anali ndi funso limene anabwera nalo kuchokera ku Mzuzu, la mkono wa a Simeon, ndipo linali pa lilime. Koma ataona diso la mnzawo likuwayang'ana mwamantha, analimeza. Kettie anali atasenza kale mtembo umodzi wamoyo, sakanamusenzetsa wachiwiri. M'malo mwake anatenga dzanja lamoyo lija n'kuliika pa kachotupa ka paphewa.

"Tamva katundu amene unandigulitsa," anatero.

A Kettie anaseka ndi theka la nkhope, misozi ikutsikira m'khutu. Kenako anavutika ndi lilime kwa kanthawi, ndipo mawu atatuluka anali olemera koma omveka.

"Nellie. Ukadzabwera, usadzawerenge teni."

"Sindidzawerenga teni."

Anabwera tsiku lililonse kwa masabata atatu. Anawamwetsa phala, anawatembenuza, anawauza miseche ya ku Umanyano. Ndipo Lachiwiri lina cha m'ma 10 koloko m'mawa, kupuma kwa a Kettie kunayamba kudukaduka, kenako kunatalikirana, kenako m'nyumba munachita zii.

Pakhomo panali amayi odzaza, ana aakazi a Kettie ali patsogolo, maso onse pa mutu wa anyaManda. Iwo anaika chikhatho chamanja pachifuwa cha mnzawo. Zala zakumanzere anaziika pamtsempha wa pakhosi pawo pomwe, pamene kachitsulo kaja kankagogoda ndipo mwini nyumba ankatsegula, kamodzi pa sekondi. Wotchi analibe, ndipo sinkafunika.

Anadutsa teni. Anadutsa fotini, ndipo pamenepo anapuma mozama. Anafika sikisite n'kupinda chala chimodzi cha kuphazi, n'kuyambiranso.

Amayi anayamba kuyang'anana. Mmodzi anatsokomola. Patapita nthawi a Jobe, mlongo wa Kettie, anasuzumira pakhomo chipewa chili m'manja.

"AnyaManda, dzuwa likukwera. Anthu a makasu akudikira, ndipo boti lopita ndi uthenga linyamuka pompano."

"Linyamuke, ada."

"Koma aliyense akuona kuti..."

"Inenso aliyense ankaona."

A Jobe anabweza mutu wawo panja. AnyaManda anapitiriza. Anasuntha dzanja kuchoka pachifuwa kupita pakhosi, anaika tsaya pamphuno, anatsegula diso n'kuyang'ana, anabwereranso pachifuwa. Zala za kumapazi zinatha, anayambiranso. Kawiri konse anamva ngati chinachake chagunda pansi pa chikhatho, mtima wawo n'kudumpha, koma atamvetsetsa anapeza kuti kunali kugunda kwawo komwe kukumveka m'zala. Anayamba kulankhula motsitsa, osasamala omvera.

"Kettie, ngati ulimo, tsina. Ndili pompano. Ntchafu yanga iyi, tsina."

Anatenga dzanja lalitali lija n'kuliika pantchafu pawo, n'kudikira. Mthunzi wa chitseko unayenda kuchoka pa mwendo wa bedi kufika pakati pa nyumba. Mwana wamkulu wa Kettie anali ataluma chitenje kuti asatulutse mawu, poti lamulo ndi lamulo, ndipo anyaManda ankamuona, ankadziwa kuti akumuzunza, koma sakanatha kuchitira mwina. Anadikira mpaka zala zija zinazizira pantchafu pawo. Anadikira mpaka atagwira chibwano anamva kuti chayamba kulimba chokha.

Pamenepo anachotsa zala pakhosi pawo. Anatseka maso a mnzawo, anavula mpango wawo wakumutu n'kumanga chibwano, mfundo pamwamba pa mutu, koma anaimanga molefuka, yoti munthu atafuna akhoza kuyasamula. Amayi pakhomo anadikira kuti mutu ugwedezeke monga unkachitira zaka makumi atatu. Sunagwedezeke. AnyaManda anatsegula pakamwa, ndipo ndi mawu awo aakulu aja anaitana dzina la Kettie, kulikoka motalika, n'kusiya kaye pang'ono kuti amve ngati ayankhe.